Pawa Yopepuka Sindiika

Ndimakonza makompyuta, ndipo makasitomala anga ndi a kuno ku Likangala, ena a ku Jali, ena a kudoko la Kachulu. Anthu a m'tauni amadabwa kuti kudera la mpunga ndi matemba makompyuta akufunako chiyani, koma alipo ndithu. Pali anyamata obena nyimbo ndi mafilimu m'mamemori, a vidiyo sho, olemba ndi kupulinta makalata, ndiponso masukulu. Ambiri mwa makinawa ndi akaunjika, a Dell ndi HP amene anagwira kale ntchito zaka zambiri kunja asanafike m'manja mwathu.

Kompyuta ikabwera itangoti zii, yosayaka ngakhale kagetsi, ndimayamba kukayikira pawa sapulayi, kabokosi kachitsulo kakumbuyo kamene chingwe cha magetsi chimalowamo. Ntchito yake ndi kulandira mavoti 230 a pakhoma n'kuwatsitsa kukhala 12, 5 ndi 3.3 amene bodi ndi hadi disiki zimadya. Choipa chilichonse chobwera ndi chingwe chimayamba kumenya iyoyo.

Kuyeza kwake sikuvuta. Ndimazula mawaya onse pa bodi, n'kutenga pulagi yaikulu ya mapini 24 ija. Ndi kawaya kakafupi ndimalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda, kenako ndimayatsa. Fani ikapanda kuzungulira, nkhani yadziwika. Koma ikazungulira sindifulumira kukondwa, chifukwa pawa ina imadzuka bwinobwino ili yokha, n'kukomoka ikangosenza katundu. Pamenepo ndimatenga mita. Waya wachikasu azionetsa pakati pa 11.4 ndi 12.6, wofiira pafupi ndi 5, wa olenji 3.3. Wapepo azikhala ndi 5 ngakhale kompyuta ili yozima, bola chingwe chili pakhoma. Ndikatsegula m'kati, kawirikawiri ndimapeza makapasita atatupa pamutu, ena atatuluka zadzimbiri, fumbi litamata fani, mwina nalimata atauma pakati pa miyendo iwiri ya chitsulo. Musamatsegule nokha kunyumba, chonde. Makapasita aakulu aja amasunga mavoti opitirira 300, ndipo amatha kukutchayani ngakhale chingwe mwazula kale.

Ndisanaganize zogula ina, ndimafunsa mwiniwake mafunso ambiri mpaka ena amatopa nane. Inazima nthawi yanji? Kunali mvula? Munali pa jenereta? Nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ziphaliwali zimapha mapawa ambiri kuno kuchigwa. Ena amafa magetsi akamabwerera atazima. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankasowa nthawi yaitali, ndiye anthu anathamangira majenereta ang'onoang'ono ndi sola. Jenereta yaing'ono mphamvu yake imakwera ndi kutsika wina akangolumikiza kapena kuzula chinthu cholemera, ndipo mainveta otchipa amatulutsa magetsi okhakhala amene mapawa ena amalira nawo mpaka kuzima. Palinso makina opangidwira ku America okhala ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, mbali ina 115 mbali ina 230. Mwana akakasuntha kupita pa 115, pawa imaphulika pompo. Kameneko ndimakamata ndi guluu makina asanachoke pa tebulo langa. Ukaika pawa yatsopano osadziwa chinapha yakale, munthu yemweyo abweranso mwezi usanathe, ndipo adzati mmisiri ndiye wabodza.

Posankha yolowa m'malo m'pamene timakangana kwambiri ndi makasitomala. M'mashopu a ku Zomba ndi ku Limbe mumapezeka mapawa atsopano onyezimira, papepala atalemba 500 kapena 600 watts, mtengo wake wosangalatsa. Ine ndimayamba ndaitenga m'manja. Mlimi wa ku sikimu akanyamula thumba amadziwa ngati muli mpunga kapena mankhusu, ndipo pawa nayo imadziulula ndi kulemera. Yabwino imakhala ndi zitsulo zochindikala zochotsa kutentha, makoyilo athunthu ndi mawaya onenepa. Yopepuka anachotsamo zonse zoteteza, mwina pamalo pa koyilo anangodutsitsapo waya. Kenako ndimawerenga mzere wa 12V papepalapo, chifukwa makompyuta a masiku ano mphamvu yambiri amaitenga kumeneko. Ndimachulukitsa maampu ndi 12. Akalemba 18A ndiye kuti ndi 216 watts, zilibe kanthu kuti pamwamba alembapo nambala yaikulu bwanji.

Chimene chimandiwawa ndi imfa ya pawa yopepukayo. Pawa yabwino ikagundidwa imafa yokha, bodi n'kutsala yamoyo. Yopepuka imapita ndi anzake. Mnyamata wina wobena nyimbo anabwera nayo atagula yekha n'kuika yekha, itapsereza bodi pamodzi ndi hadi disiki yodzaza nyimbo zimene anasonkhanitsa zaka zambiri. Anandifunsa kuti, “Achimwene, palibe njira yobwezera ngakhale theka?” Disikiyo inali itapsa kabodi kake kapansi, ndipo sitinapeze kofanana nako. Bizinesi yake inaima mpaka atakolola mpunga.

N'chifukwa chake ndimakonda pawa yakale yozula mu Dell kapena HP ina, yopangidwa ndi Delta kapena Lite-On, ngakhale ilembedwe 240 watts yokha. Kompyuta ya muofesi yopanda khadi lalikulu la zithunzi imakhuta ndi imeneyo. Chofunika ndi kuonetsetsa pulagi ndi thupi lake. Ma OptiPlex ena, monga 3020 ndi 9020, pulagi yake ndi ya mapini 8, ma HP ambiri ndi ya mapini 6, ndipo makina opyapyala aja salola kabokosi wamba kulowa. Poitanitsa kwa anzanga a ku Blantyre ndimajambula pepala la pawa yakufayo ndi pulagi yake, n'kutumiza pa WhatsApp, kuti pa minibasi pasabwere chinthu cholakwika.

Pena sitigula n'komwe. Ngati vuto ndi makapasita a mbali yotulukira okha, ndimawasintha ndi ena a 105°C, pawayo n'kugwiranso ntchito. Koma ikakhala yakuda m'kati, yonunkha chipsereza, ndimangochotsamo fani ndi mawaya, zotsalazo ndi zotaya.

Ndikamaliza kuika, kompyuta siichoka tsiku lomwelo. Ndimaisiya iziseweretsa filimu kwa maola angapo, mita ili pa waya wachikasu, n'kumakhudza mpweya wotuluka kumbuyo ngati ukutentha mopitirira. Mwiniwake akabwera ndimamuuza kuti agule kachipangizo koteteza, konga kamene anthu amaika pa filiji, kamene kamayamba kadikira magetsi akangobwera. Ndimamuuzanso kuti mitambo ikada cha ku phiri la Zomba azizula chingwe pakhoma, asamangozimitsa pa batani, chifukwa waya wapepo uja amakhala akadali ndi moto.