Madzi a Mumsana ndi Mantha a Agogo

Pamene tinali kuphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi, mnyamata wa Sitandade 5 anagona pa desiki m'maŵa wonse akudandaula mutu. Thupi linatentha, khosi linauma kotero kuti sanathe kuŵerama, ndipo kuŵala kwa pazenera kunali kumpweteka m'maso. Tinayesa malungo, komabe tinapita naye ku chipatala pamodzi ndi agogo ake. Dokotala atanena kuti afuna kutenga madzi a mumsana, agogowo anakanitsitsa. “Aphunzitsi,” anatero, “kwathu amene anatengedwa madzi amenewo sanabwerere.” Ife tinasoŵa choyankha, pakuti nafenso sitinali kudziŵa chimene madziwo amaulula. Namwino ndiye anakhala nawo pansi kufikira atalola. Mwanayo anachira, koma manyazi a tsikulo anatichititsa kufunsa, pokumbukira kuti safunsa anadya phula.

Zimene tinaphunzira ndi izi. Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zazingidwa ndi madzi oyera ngati a pa kasupe. Munthu wamkulu ali nawo mamililita pafupifupi 150, ndipo thupi lake limapanga ena okwana ngati 500 tsiku lililonse, choncho pang'ono pamene dokotala watenga pamabwerera m'maola oŵerengeka. Njira yotengera madziŵa anaifotokoza Heinrich Quincke wa ku Germany m'chaka cha 1891. Singano imaloŵa cha m'chiuno, m'munsi mwa pamene mtsemphawo wathera.

Ku labotale amayamba ndi kuyang'ana. Madzi otuŵa ngati otsukira mpunga amasonyeza kuti zikopa zokuta ubongo zatupa, amene ndi matenda oumitsa khosi. Kenaka amaŵerenga maselo oyera pa maikulosikopu: mwa munthu wabwino saposa 5 pa maikulolita imodzi, koma mwa wodwala angafike mazana kapena zikwi. Amayezanso shuga ndi mapuloteni. Mabakiteriya amatsitsa shuga ndi kukweza mapuloteni, pamene mavairasi kaŵirikaŵiri amasiya shuga monga analiri. Pothira utoto wotchedwa Gram amaona mtundu wa mabakiteriyawo, ndipo inki yakuda imaonetsa Cryptococcus, kachilombo kosautsa anthu amene chitetezo chawo chafooka ndi HIV. Zizindikiro za matenda onseŵa zimafanana, koma mankhwala ake ndi osiyana. Madziwo ndiwo amauza dokotala oyenera kupereka.

Nanga mantha a agogo aja anachokera kuti? Ambiri otengedwa madzi amafika ku chipatala matenda atakula kale. Akamwalira, abale amakumbukira singano naiŵala masiku amene anachedwa kunyumba. Agogowo sanali opusa. Anali kunena zimene maso awo anaona.

Kuyambira pamenepo, pa phunziro la zaumoyo timabweretsa mabotolo aŵiri, lina la madzi oyera, lina la madzi a mpunga, ndipo ana amafotokoza okha kusiyana kwake tisanatchule matenda. Zimenezi amakazinena kwawo madzulo. Mwana wochira timamkhazika kutsogolo, pakuti matendaŵa nthaŵi zina amagonthetsa makutu.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, mukadzaona mwana wotentha thupi, wouma khosi ndi wosokonezeka, musadzadikire belu loŵerukira. Ndipo kholo likadzakufunsani za singano ija, mudzakhale ndi yankho limene ife tinalisoŵa.