Nthano Yoseŵera ndi Zala

Nthano ndi imodzi, koma okamba ake ndi ambiri. Agogo aŵiri angathe kukamba ya Kalulu ndi Fisi usiku umodzimodzi: kwa wina ana n'kumayasamula, kwa winayo n'kumakana kukagona. Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi ndidazindikira kuti luso la wokamba ndilo limapatsa nthano moyo. Mfundo yomweyi ndiyo ndikufuna tiyesere maseŵera akale a pakanema amene adachokera ku mafilimu.

Ana inu mwabadwa mafoni ali m'manja, choncho mwina simudziŵa kuti dziko lino lidalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka chaka cha 1999, pamene Television Malawi idayamba kuulutsa. Isanafike nthaŵiyo, mafilimu tinkaonera m'tinyumba ta vidiyo pamisika. Makina a maseŵera ankabwera ndi abale ochokera ku Joni. Kuno ku Kabwazi mdzukulu wa mnansi wanga adalandira oterowo, a Sega, ndipo ankawayendetsa ndi batire ya galimoto. Ine ndinkapitako ngati wokayang'anira ana, koma maso anga sankachoka pakanemapo.

Ambiri mwa maseŵeraŵa adali osalongosoka, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Eni makampani ankafuna kuti seŵero lituluke filimu ikadali m'kamwa mwa anthu, motero ankagula dzina lotchuka n'kuthamangitsa amisiri. Chitsanzo chodziŵika ndi cha E.T., filimu ya Steven Spielberg ya mu 1982. Kampani ya Atari idapatsa mmisiri mmodzi, Howard Scott Warshaw, masabata osakwana asanu ndi limodzi kuti apange seŵero lake Khirisimasi isanafike. Anthu adagula chifukwa cha dzina, koma ambiri adakhumudwa poona kuti kamunthu kawo kakungogwera m'maenje. Mu 1983 kampaniyo idakwirira katundu wosagulika ku Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico, ndipo atafukula malowo mu 2014 adapezamodi maseŵera a E.T. Akuluakulu adanena kale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe si onse adali otero. Filimu ya Aladdin idatuluka mu 1992, ndipo chaka chotsatira seŵero lake lidatuluka pa makina a Sega. Pantchitoyi amisiri a maseŵera adagwirizana ndi ojambula zithunzi a Disney eniakewo, kotero kuti mnyamatayo ankathamanga ndi kudumpha monga wa m'filimu. Mu 1994 kudabwera The Lion King, filimu ndi seŵero chaka chimodzi. Limeneli ndilo ndidaliona kwambiri ndi maso angaŵa.

M'filimumo, mwana wa mkango, Simba, amathaŵa chigulu cha nyumbu m'chigwa, ndipo woonera amangogwira pamtima. M'seŵero, Simba ndiwe. Ukachedwa kupatuka, nyumbu zimakuponda. Apa mpamene pagona phindu loyamba: woonera amasanduka wotenga mbali, monga momwe omvera nthano amayankhira kuti "Tili tonse" pofuna kusonyeza kuti nkhaniyo ndi yawonso.

Phindu lachiŵiri ndi kupirira. Seŵeroli linalibe posungira pamene wafika. Mwayi wako ukatha, unkayambiranso pachiyambi penipeni. Ndidaona mwana amene ankataya pensulo samu ikavuta akubwereza malo amodzi kakhumi osadandaula, mpaka adaloŵeza pamene mwala uliwonse uli. Tsiku lina m'kalasi ndidamukumbutsa za nyumbu zija, ndipo adatolanso pensulo yake.

Lachitatu ndi umodzi. Makina adali amodzi, ana khumi ndi kuposa. Adapangana okha lamulo lakuti wolephera apatsire mnzake. Oyembekezera ankalangiza, kuseka ndi kuombera m'manja, monga zimakhalira pabawo. Lero mwana aliyense amaŵeramira foni yake payekha, ndipo ngakhale zithunzi zake n'zokongola koposa, pabwalo pali zii.

Sindikunena kuti chakale chilichonse n'chabwino, pakuti dzenje la ku Alamogordo likutsutsa zimenezo. Ngakhalenso kuno, maseŵeraŵa ankadya nthaŵi ya ntchito zapakhomo makolo akalekerera. Chimene ndikunena n'chakuti ntchito tiziiyesa ndi chisamaliro cha mmisiri wake, osati ndi dzina limene yabwereka kapena chaka chimene idapangidwa.

Inunso posachedwapa mudzakhala okamba nkhani za ena. Wina adzasandutsa buku kukhala seŵero la pasiteji, wina adzamasulira filimu m'Chicheŵa, wina mwina adzapanga seŵero la pafoni la Kalulu ndi Fisi. Tsiku limenelo mudzadzifunse ngati mwangobwereka dzina kuti mugulitse malonda, kapena mwamupatsa womvera malo m'kati mwa nthanoyo.