NDANI ANALI MTSOGOLERI WABWINO WA HORDE?

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Ndirande. Achimwene anga, amene amaphunzira ku koleji, anabwera ndi laputopu yakale momwe munali gemu yotchedwa Warcraft III. Madzulo alionse tikatha kudya tinkakhala pa mphasa n'kumasewera, ndipo magetsi akazima tinkapitiriza mpaka batire litatha. Makolo ambiri akamva za magemu amati n'kutaya nthawi, ndipo nthawi zina amanena zoona. Komabe ndikupempheni kuti muyambe mwandimvera, chifukwa gemu imeneyi inafukula mlandu wanga umene ndinaukwirira kalekale.

Warcraft ndi nthano yopeka ya kampani ya ku America yotchedwa Blizzard. Gemu yoyamba inatuluka mu 1994. M'nthanoyi muli magulu awiri osamwerana madzi: Alliance, la anthu ndi abwenzi awo, ndi Horde, la zimphona zobiriwira zotchedwa ma orc pamodzi ndi mitundu ina. Mtsogoleri wa Horde ankatchedwa Warchief, ndiye kuti mfumu ya nkhondo. Nkhaniyi inapitirira mu World of Warcraft, yomwe inatuluka mu 2004. Imeneyi imafuna intaneti ndi ndalama mwezi ndi mwezi, choncho ife tinkangoonera timafilimu take pa YouTube bandulo ikapezeka.

Tsono usiku wina tinayamba kutsutsana: mwa mafumu onse a Horde, wabwino anali ndani?

Za Blackhand, mfumu yoyamba, sitinalimbane. Iyeyu anali chidole chabe. Amene ankalamula zenizeni anali mfiti Gul'dan, yemwe anamwetsa ma orc magazi a chiwanda kuti akhale olusa. Achimwene anasankha Orgrim Doomhammer, amene anapha Blackhand n'kutenga mpando. Iwo ankati ameneyu ndiye mwamuna, wosaopa kanthu. Ine ndinawakumbutsa kuti Orgrim anagonja pa nkhondo ya mu Warcraft II ya mu 1995, ndipo anthu ake anatsekeredwa m'misasa ngati ng'ombe m'khola.

Wanga anali Thrall. Dzina lakelo limatanthauza kapolo, pakuti analeredwa mu ukapolo ndi munthu wankhanza. Atathawa anamasula anzake m'misasa muja, nawaolotsa nyanja kupita ku dziko la Kalimdor. Pa ulendowu anapalana ubwenzi ndi ma troll ndi ma tauren, ndipo pa phiri la Hyjal anamenya nkhondo mbali imodzi ndi anthu omwe kale anali adani ake. Mzinda umene anamanga anautcha Orgrimmar pokumbukira Orgrim. M'nthawi yake Horde inasanduka mudzi wa onse osowa kwawo. Ndinalankhula zonsezi monyadira, poti ndinali nditasewera nkhondo zimenezi ndi manja angawa.

Achimwene anangoseka. "Iwe mphwanga, nanga Garrosh anamuika pa mpando ndani?"

Apa ndinasowa chonena. Mu 2010 Thrall anachoka kukagwira ntchito ina, nasiyira mpando Garrosh Hellscream. Mnyamatayu anali wamphamvu, ndiponso bambo ake, Grom, anali ngwazi imene inafa popha chiwanda chija. Nkhalamba Cairne, mfumu ya ma tauren, inachenjeza kuti Garrosh ndi waphuma, koma Thrall sanamve. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Sipanapite nthawi, Cairne anafa pomenyana ndi Garrosh yemweyo. Garrosh anayamba kuona mitundu ina ngati yachabechabe, ndipo mu 2012 anafafaniza mzinda wa Theramore ndi bomba. Mu 2013 anthu ake omwe anamuukira motsogozedwa ndi Vol'jin, troll amene anakhala mfumu yoyamba yosakhala orc. Vol'jin anali womvera anzake, koma sanakhalitse. Pomwalira mu 2016 anatchula Sylvanas kuti alowe m'malo mwake, ndipo mu 2018 Sylvanas anatentha Teldrassil, mtengo waukulu momwe munkakhala anthu osawerengeka. Iye atathawa mu 2019, atsogoleri a mitundu yonse anagwirizana zothetsa udindo wa Warchief n'kumalamula monga bungwe.

Taonani, anzanga: mafumu awiri abwino, Thrall ndi Vol'jin, ndi omwe anasankha mafumu awiri oipitsitsa, ndipo aliyense anasankha yekha.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndili ku pulayimale ndinali kaputeni wa katimu ka mpira ka m'dera lathu. Tinayamba ndi mpira wa mapepala omanga ndi malegeni, kenaka tinasonkha ndalama za maganyu, zotunga madzi ndi zonyamulira anthu katundu pa msika, mpaka tinagula chikopa chenicheni. M'timumo munali aliyense: aatali, aafupi, a tsidya lino la Nasolo ndi a tsidya linalo. Nditasankhidwa kubwera kuno ku sukulu, ndinapereka mpira uja kwa mnzanga wina amene ankagoletsa zigoli kuposa tonse, ndiponso bambo ake anatchukapo pa mpira ali anyamata. Sindinafunse munthu. Goloboyi wathu, mnyamata wofatsa, ananditengera pambali n'kundiuza kuti, "Aise, ameneyu sakumvera munthu, tiyeni tivote." Ine ndinamuyankha kuti ndi nsanje chabe.

Chimene chinachitika ndinachimva m'makalata a mng'ono wanga. Kaputeni watsopano uja anachotsa ana onse aang'ono ponena kuti amaluzitsa. Kenaka anati a tsidya lina akayambe timu yawo. Mpira umene tinasonkhera tonse unayamba kugona kwawo, ndipo wofuna kuukhudza ankayenera kumunyengerera. Mng'ono wanga, amene ankadzuka m'mamawa kukachotsa miyala ndi mabotolo pa bwalo, anasiyiratu kusewera. Kwa zaka ziwiri ndinkangonena kuti mnzanga uja ndi woipa mtima, ndipo anthu akamati timu inali bwino m'nthawi yanga ndinkamva kukoma. Sindinadzifunsepo kuti anamuika ndani.

Kutatsala masiku atatu kuti sukulu itsegulidwe, ndinapita kwa goloboyi uja. Ndinamupeza akugulitsa mandasi a mayi ake. Ndinamuuza kuti iye ananena zoona ndipo ine ndinalakwa. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Wachedwa, koma tiye." Tinapita limodzi kwa kaputeni. Kunena zoona sizinayende monga m'filimu. Anakalipa, nandifunsa chifukwa chimene ndinamupatsira udindo n'kuthawa osamuuza kayendetsedwe kake. Pamenepanso anali ndi mfundo. Pomaliza anavomera kuti mpira uzigona kwa anyamata atatu mosinthana, sabata ndi sabata, ndi kuti ana aang'ono azisewera Loweruka m'mawa. A tsidya lina sanabwerere. Ali ndi timu yawo tsopano. Mng'ono wanga wati aganizira kaye.

Mtsutso wathu ndi achimwene sunathe. Iwo akadali kwa Orgrim, ine ndikadamukondabe Thrall, ngakhale kuti sindimutchulanso mokweza monga kale. Chimene ndatolapo n'chakuti poyerekeza atsogoleri tisamangowerenga nkhondo zimene anapambana kapena mizinda imene anamanga. Tizifunsanso kuti pochoka anasiya ndani, ndipo anafunsa yani asanamusankhe. Mutu umodzi susenza denga.

Anzanga a Fomu 4, posachedwa mudzatula maudindo anu a ukaputeni wa masewero, wa kalasi ndi wa kogona. Wina akadzakutengerani pambali n'kukuuzani kuti amene mukumufunayo samva za anzake, musadzafulumire kunena kuti ndi nsanje. Ine ndinatero, ndipo mng'ono wanga watha zaka ziwiri akuonerera mpira ali kunja kwa bwalo.