Paketi imodzi ya malodi

Munthu akabwera pashedi panga kudzafunsa mtengo wa geti kapena felemu ya chitseko, maso ake amakhala pa zitsulo: machubu angati, engo ayoni zingati, penti zitini zingati. Malodi sawaganizira n'komwe. Ena akawaona pa koteshoni amachita kudabwa, n'kufunsa kuti, "Kodi amisiri, malodi si anu?" Ndi anga ndithu, koma sindithyola mumtengo. Ndimagula ku hadiweya ngati mmene ndimagulira zitsulozo, ndipo pa zonse zimene wowotcherera amawerengera, malodi ndiwo amavuta, chifukwa chubu umachita kuyeza ndi tepi koma lodi imasungunuka n'kuzimirira mu msoko.

Ndinaphunzira zimenezi pa ntchito ya sitandi ya thanki ya madzi. Bambo wina ankafuna poika thanki ya malita 5,000, ndiye kuti matani 5 a madzi ali m'mwamba, ana akusewera pansi pake. Ntchito yotere sugwira mwachibwana. Ndinawerenga molumikizira monse, miyendo, zopingasa ndi mbale zapansi, n'kupeza kuti misoko yonse pamodzi ikwana mamita 20. Ndinalemba paketi imodzi ya makilogalamu 5, malodi onenepa mamilimita 3.2, ndikudziwa kuti atsalako.

Masamu ake si ovuta. Zitsulo ziwiri zikakumana pangodya, msoko umene umadzaza ngodyayo ukaudula n'kuuyang'ana kumapeto umaoneka ngati samusa, wa nsonga zitatu. Ukachulukitsa mwendo umodzi ndi unzake n'kugawa pawiri, wapeza kukula kwa nkhope yakeyo. Msoko wa mamilimita 5 umapereka 12.5. Chitsulo chimalemera magalamu 7.85 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, choncho mita imodzi ya msoko wotere imadya magalamu pafupifupi 100. Mamita 20 ndi makilogalamu 2 a chitsulo chokhala mu msoko.

Koma kilogalamu ya malodi si kilogalamu ya msoko, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera. Lodi ya 3.2 ndi yaitali mamilimita 350 ndipo imalemera magalamu pafupifupi 30, koma waya wam'kati mwake ndi magalamu 22 okha. Otsalawo ndi khungu lija lokutira, limene limasanduka utsi ndi nkhanambo yomwe timagogoda ndi kahamala msoko ukazizira. Pa wayayo chotsanipo kachitsa kotsalira mu holoda, kotalika ngati chala chaching'ono, chotsanipo tizitsulo tothethekera pansi ndi pa nsapato. Zolowa mu msoko ndi magalamu 17 kapena 18. Mwachidule, pa makilogalamu 10 ogula, okhala pa ntchito ndi 6. Ndiye makilogalamu 2 aja amafuna malodi olemera makilogalamu 3 ndi pang'ono. Paketi imodzi inali yokwana bwinobwino.

Siinakwane. Tsiku lachiwiri masana mnyamata amene ndinkamuphunzitsa ntchito anabwera atanyamula katoni yopanda kanthu.

"Abwana, malodi atha."

"Atha bwanji, iwe? Wawapititsa kuti?"

Ndinamuganizira zoipa, ndisaname. Malodi amayenda m'matumba a ovololo, aliyense wa ntchito ino akudziwa. Koma nditapita kukaona sitandiyo ndinachita manyazi ndekha. Engo ayoni tinazidula mothamanga ndi gulayinda, disiki itatha kale, ndipo zambiri zinafupika pang'ono kapena kupendama. Polumikiza panatsala mipata yoti n'kulowetsamo mtengo wa machesi, pena iwiri. Mnyamatayo, poopa kundiuza, anangolimbikira kudzaza, kudutsa kawiri katatu pamalo amodzi. Nditayeza, misoko yambiri inali ya mamilimita 7.

Kuchoka pa 5 kufika pa 7, ndi maso suona kusiyana kwenikweni. Koma 7 kuchulukitsa ndi 7 kugawa pawiri ndi 24.5, pamene 5 anatipatsa 12.5. Mamilimita awiri okha achulukitsa malodi kawiri. Msoko wa mamilimita 6 umadya kanayi poyerekeza ndi wa mamilimita 3, osati kawiri monga mutu umakuuzira. Paketi yachiwiri ndinagula ndi ndalama zanga, chifukwa mtengo tinali titagwirizana kale ndipo bambo aja sanalakwe kanthu. Kuonjezera apo panapita magetsi, nthawi, ndiponso mwendo umodzi wa sitandiyo unakokeka ndi kutentha moti tinauwongola ndi hamala yaikulu.

Pali amisiri ena amene amanyadira msoko wonenepa, amati ndiye kulimba kwake, ndipo makasitomala ambiri amakhulupirira zomwezo. Ine ndimakana. Msoko wonenepa kuposa chitsulo chimene ukugwira ndi ndalama zotayidwa, ndipo kawirikawiri umabisa mpata kapena nkhanambo yotsekeredwa m'kati. Kulimba kumachokera pa mmene moto walowera m'zitsulo zonse ziwiri. Malodi a E6013 amene ambirife timagwiritsa ntchito ndi olimba kale mokwanira pa chitsulo wamba. 60 yoyambirirayo ikutanthauza mapaundi 60,000 pa malo a inchi imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo 1 ikutanthauza kuti umawotcherera nayo chogona, choimirira ngakhale chagada.

Palinso tizinthu tina todya malodi mwakachetechete. Moto ukakwera kwambiri, lodi imafiira isanafike pakati, khungu limayoyoka, ndipo umaitaya theka lilipo. Ya 3.2 imafuna ma amp apakati pa 90 ndi 130, ya 2.5 ochepera apo. Moto ukatsika, monga zimachitikira madzulo aliyense akayatsa mbaula yamagetsi, lodi imangokakamira pa chitsulo, ukaigwedeza khungu lakumapeto n'kusweka. Nthawi ya dzinja paketi yosiyidwa pansi pa simenti imakoka chinyezi, msoko n'kutuluka timabowo ngati chisa cha njuchi, ndiye kupala ndi kuyambiranso. A E7018, amene timagwiritsa ntchito pa zitsulo zonyamula katundu wolemera ngati chasisi ya lole, ndiwo sagwirizana ndi chinyezi ngakhale pang'ono. Kuwotcherera choimirira kapena chagada nakonso kumataya zambiri kuposa chogona, n'chifukwa chake chilichonse chotheka kugoneka pansi ndimachigoneka.

Za tizitsa ndiye ndimalimbana ndi anyamata tsiku ndi tsiku. Ndinaika chitini chakale cha penti pafupi ndi makina, aliyense aziponyamo zotsala zake. Loweruka ndimakhuthula n'kuona. Wotaya kachitsa ka mamilimita 100 m'malo mwa 50 amataya lodi yathunthu pa malodi 6 alionse. Ndikawaonetsa mulu wa tizitsa titalitali tija, palibe amatsutsa.

Masiku ano pa ntchito zing'onozing'ono monga mawindo ndi mageti a machubu opyapyala sindichitanso masamu papepala. Ndimadziwa kuti pa msoko wa mamilimita 3, malodi a 2.5 atatu kapena anayi amayenda mita imodzi, ndipo pa wa mamilimita 5, a 3.2 amalowa 6. Ndimawerenga molumikizira, n'kuonjezerako pang'ono za kugwiriza ndi kukonza zolakwika. Koma ntchito ikakhala yaikulu ndimakhala pansi ndi pensulo, ndipo podula zitsulo ndimaimapo ndekha ndi sikweya m'manja. Zitsulo ziwiri zikapanda kukhudzana bwino ndisanayatse makina, ndimadula china.