Panjira ya ku Chileka ndi ku Lirangwe

Munthu wochokera ku Chileka asiya phiri la Michiru kumbuyo, nadzera pa Lunzu, natsata mseu waukulu kufikira ku Lirangwe. Dzikolo nlotentha, ndipo mvula siikhulupirika. Koma m'mamawa tinjira tonse tidzala ndi ana a sukulu, ndi a amphawi omwe.

Kale sikunali kotero. M'chaka cha 1907 Boma la Azungu lidapatsa mishoni zonse pamodzi mapaundi 1,000 okha othandizira sukulu, ndipo kwa zaka zambiri mwana wosowa fizi ankatsala kubusa. Tsono m'chaka cha 1994 Boma lidachotsa fizi ku pulayimale. Ana adachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufikira pafupifupi 3 miliyoni, kotero kuti ena ankaphunzirira pansi pa mitengo. Pambuyo pake Boma lidayamba kutumiza ndalama ku sukulu iliyonse, kuti komiti ya makolo ndi aphunzitsi igulire choko ndi makope, ndi kuthandiza amasiye.

Chotsalira ndi Chingerezi. Mwana wa ku Lirangwe sachimva kumunda kapena kumjigo, komatu wochilephera salandira setifiketi ya Folomu 4, ngakhale akhoze zina zonse.

Chifukwa chake, inu makolo Achikhristu, musajombe ku misonkhano ya komiti. Funsani mwaulemu kumene ndalamazo zapita. Madzulo mwana awerenge mokweza pakhonde, chinkana inu simukumva. Mulungu adzatifunsa za ana amenewa.