Ndinachepetsa klorini kuti anthu asandide

Ntchito yanga inali yosamalira thanki ya madzi a m'mipopi kwathu, madzi ochokera mumtsinje wa m'phiri. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali atanenetsa kuti madzi ayambe adikha kuti matope akhale pansi, kenako adutse mumchenga kuti asefeke, ndiyeno athiridwe klorini n'kukhala mphindi 30 asanapite kwa anthu. Amene amayeretsa madzi a m'mizinda, monga a Blantyre omwe amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, amathiranso alamu kuti tizinyalala tigwirane n'kumira msanga. Ife alamu tinalibe, tinkangodalira mchenga ndi kudikira.

Zinayamba ndi madandaulo. "Achimwene, madzi anuwa akununkha mankhwala, tiyi sakumweka," amayi ankandiuza pampopi. Ena anabwerera kuzitsime. A komiti ya madzi atandiitana anati, "Chepetsaniko pang'ono, anthu asiya kupereka ndalama za mwezi." Ndinachepetsa, ndipo anthu anayambanso kundipatsa moni wansangala.

Namondwe Ana atadutsa mu Januwale 2022, mtsinje unkabwera ngati thobwa. Mchenga wosefera unatsekeka, madzi n'kumangodontha, ndowa zili ndandanda pampopi kuyambira mbandakucha. Njira yoyenera inali kutseka madzi, kupala mchenga wapamwamba ndi kuutsuka, anthu adikire ngakhale anyoze. Ine ndinatsegula paipi yolambalala mchengawo. Ndinadzitonthoza kuti klorini ndikuthirabe. Nyengo ya mvula yotsatira ndinachitanso chimodzimodzi, poti poyamba paja palibe chinaoneka.

Klorini akagwera m'madzi a matope amathera m'matopemo, ndipo tizilombo timabisala m'tizinyalala iye osatifika. Choncho kamankhwala kanga kochepa kaja kankatha madzi asanatuluke n'komwe m'thanki.

Kolera inayamba ku Machinga mu Malichi 2022, inafalikira m'maboma onse ndipo inapha anthu oposa 1,700. Itafika kwathu, mlangizi wa zaumoyo anabwera ndi kabotolo koyezera. Anatunga madzi pampopi womalizira, wa kutali kwambiri ndi thanki, n'kuponyamo kapiritsi. Madzi okhala ndi klorini amasanduka ofiirira. Athu anangokhala mbee. Anaponya kena pampopi wapafupi, osasinthabe. Anandiuza kuti pampopi pamayenera kutsala klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita, ndipo nthawi ya mliri amafuna 0.5. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, mchenga munautsuka liti?" Ndinasowa chonena.

M'mudzi mwathu tinaika maliro, ena a ana amene amayi awo ankandilonjera pampopi paja. Maliro a kolera sachedwa, ndipo achibale saloledwa kusambitsa thupi. Palibe anandiloza chala, koma paipi yolambalala ija ndinatsegula ndine.

Panopa paipiyo tinaimanga ndi loko, kiyi ali kwa amfumu. Madzi akabwera ofiira timatseka, anthu amanyoza, ine ndimangomva.

Anzanga osamalira mathanki, yezani madzi pampopi womalizira, osati pathanki pokha. Ndipo inu amayi, madzi akamveka kafungo ka klorini musathawire kuchitsime. Akabwera a matope m'nyengo ya mvula, awiritseni kaye, kenako mukatifunse ngati anadutsa mumchenga.