Galimoto ya mawaya imalimba ndi pomanga

Ntchito yanga ndi kupanga komanso kukonza magalimoto a mawaya kuno ku Kande, m'mphepete mwa msewu wa M5. Alendo ofika ku Kande Beach amagula zokaika pa shelefu kwawo. Ena amati anazidziwira m'buku la ana lotchedwa Galimoto, lomwe Karen Lynn Williams anatulutsa mu 1990. Koma amene amandisowetsa mpumulo ndi ana a m'mudzi muno, poti iwo galimoto amaiyendetsa mpaka itagwedera paliponse.

Mawaya amafunika mitundu iwiri. Wokhuthala, monga wa mpanda, ndiwo umapanga thupi la galimoto, ekiselo ndi ndodo yaitali ya chiwongolero. Wowonda wa kopa ndimausomola m'mamota opserera ndi m'mawailesi akutha, ndipo ndi womangira. Sindiwotcherera ayi. Paliponse pamene mawaya akumana ndimakulunga ndi manja, ndipo mphamvu yonse ya galimoto ili pamenepo.

Kuno kunyanja mvula ndi yambiri, chinyezi sichitha. Madzi amabisala pansi pa kopa, waya wachitsulo n'kuchita dzimbiri, pomanga paja n'kuyamba kukhwepa. Mwana amangoona kuti galimoto ikukokera mbali imodzi. Ambiri amathamangira kukulunga waya watsopano pamwamba pa wakale, koma kumeneko n'kungobisa matenda. Ine ndimamasula wonse, n'kupala dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, kenaka n'kuyambiranso. Mzere uliwonse ugundane ndi unzake, osakwerana, osasiya mpata, ndipo pomaliza ndimakoka ndi pulayazi n'kupindira nsonga mkati kuti isabaye chala. Asodzi osoka chilimira amadziwa zimenezi: mfundo imodzi yolekerera imang'ambitsa ukonde wonse.

Kopa wogwirapo kale ntchito amauma n'kumathyoka pomupinda. Mankhwala ake ndi moto. Ndimamuika pamakala mpaka afiire, ndipo akazizira amafewa n'kumamvera dzanja.

Matayala ndimadula kuchokera ku patapata zakutha, kapena ndimatenga zivindikiro za polishi n'kuzikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Pa ekiselo ndimangodontheza oyilo pang'ono, chifukwa akachuluka amakoka mchenga, mchengawo n'kumadya bowo la tayala mpaka likule.

Ana amapikisana ndi magalimoto awo, ndipo bwalo la mpikisanowo nalo limafuna chisamaliro. Kumchenga wa kunyanja matayala amatitimira, choncho tinasankha pouma, pansi pa mitengo ya mango. Mvula ikakumba timaenje timathiramo dothi la pachulu, kuwaza madzi n'kupondaponda mpaka pagwirane. M'miyezi ya mwera timasesa kawirikawiri poti mphepo imaunjika mchenga m'makona, momwe chiwongolero chimayesedwa. Galimoto yomangidwa mwaulesi pamzere wowongoka imathamanga ndithu, koma pakona yoyamba imagudubuzika.

Lamulo langa ndi limodzi: waya wodula pa mpanda wa munthu kapena pa nthambo za magetsi sindilandira, ngakhale utakhala wabwino chotani. Mwana aliyense wobweretsa galimoto yowonongeka ndimamukhazika pambali panga kuti pomanga pomaliza akulunge yekha. Makolo, mukaona mwana akutola mawaya kudzala musamukalipire. Mugulireni pulayazi, ndipo mumufunse komwe wautenga wayawo.